Kabawi uyu ndi mlendo, kapena ndife tachedwa kuyang'ana kumwamba?

Mu April 2023, munthu wina ku Wales anajambula mbalame yotuwa, ya mapewa akuda ndi maso ofiira, ikuuluka pamwamba pa minda. Aka kanali koyamba kuti mbalame ya mtundu umenewu ilembedwe m'dziko la Britain. Mu July chaka chomwecho mbalame yotereyi inaoneka ku Norfolk, ndipo anthu okonda mbalame anayenda maulendo ataliatali kuti akaione ndi maso awo.

Mbalameyo inu mumaidziwa bwino. Ndi kabawi wamng'ono uja amakhala pa mawaya a magetsi mukamapita ku Katete kapena ku Lundazi, amene amaima malo amodzi m'mwamba akukupiza mapiko, kenaka n'kugwera mbewa imene yatuluka ku una. M'mabuku a Chingelezi dzina lake ndi black-winged kite. Kuno palibe angatsike pa njinga chifukwa cha iye. Ife a kum'mawa timangomuona ngati mnzathu wolimbirana naye ndiwo.

Mawu ofunika pa nkhaniyi ndi akuti "koyamba". Anadziwa bwanji kuti ndi koyamba? Anadziwa chifukwa kumeneko anthu akhala akulemba mbalame zimene aona, tsiku ndi malo ake, kwa zaka zoposa 200. Ankadziwanso kuti ili m'njira, popeza inali itachuluka ku Spain ndi ku Portugal, ndipo mu 1990 inamanga chisa ku France kwa nthawi yoyamba, n'kumasunthirabe kumpoto. Tsono bwerani kwathu. Kabawi wachilendo atatera lero pa mtengo wa bulugamu ku Kapata, kapena m'mbali mwa phiri la Kanjala, ndani angaime n'kunena motsimikiza kuti uyu sanalipo kale? Kuti tiyankhe, tiyenera kudziwa anthu amene analemba mbalame za dera lino, mmene ankalembera, ndi zimene anasiya osalemba.

Maina analipo mabuku asanabwere

Makolo athu sanadikire Mzungu kuti awauze za mbalame zolusa. Maina okha ndi umboni: kabawi, mphamba, kamtema, mphungu, muimba, nkhwazi imene lero ili pa mbendera yathu, ndi chiwombankhanga chimene dzina lake lomwe likunena nchito yake. Mayi woweta nkhuku ankasiyanitsa mbalame yobwera mobisalira m'mitengo ndi ina yozungulira poyera kumwamba, ndipo ankadziwa miyezi yofunika kuvundikira anapiye ndi dengu. Alenje ankayang'ana kumene miimba yatsikira kuti apeze nyama yakufa. Imeneyi inali nzeru yeniyeni, yochokera pa kuyang'anitsitsa kwa mibadwo yambiri.

Koma nzeru ya pakamwa ili ndi malire ake. Siisunga chaka. Agogo angakuuzeni kuti kale ziwombankhanga zinali zambiri, koma kale lakelo ndi liti, 1950 kapena 1980? Dzina limodzi limathanso kuvala mbalame zitatu zosiyana, ndipo dzina la ku Chadiza silifanana nthawi zonse ndi la ku Petauke. Chodetsa nkhawa n'chakuti m'tauni mainawa akufota. Kwa ambiri a ife amene tinakulira m'makomboni, chilichonse cha mlomo wokhota ndi zikhadabo zakuthwa ndi kabawi, basi.

Mfuti, zikopa ndi timapepala

Kulemba mbalame pa pepala kunabwera pamodzi ndi atsamunda. Asilikali a Angelezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, tauni ya Fort Jameson inakhazikitsidwa mu 1899, n'kukhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Mu 1904 ndi 1905, mnyamata wina amene anaphunzira za chilengedwe ku Oxford, Sheffield Neave, anayenda ndi gulu loyeza malo m'chigawo chino, makamaka cha ku Petauke ndi m'chigwa cha Luangwa, akusonkhanitsa tizilombo ndi mbalame.

Kusonkhanitsa kwa nthawi imeneyo kunali kwa mfuti. Mbalame inkaomberedwa, n'kusendedwa chikopa pamodzi ndi nthenga zake, m'kati n'kuikamo thonje. Ku mwendo ankamangirirako kapepala konena tsiku, malo, ndiponso ngati inali yaimuna kapena yaikazi. Zikopazo zinkapita ku Britain, kumene zambiri za m'zaka zimenezo zikadali m'madilowa mpaka lero. Tingaione ngati nkhanza, ndipo sitingakhale tikulakwa. Komabe kapepala kaja ndiko umboni woyamba wokhala ndi tsiku wakuti mbalame yakutiyakuti inalipo pamalo akutiakuti. Chimene kapepalako sikanena ndi dzina la mtengatenga amene anasenza bokosi kuchoka m'chigwa, kapena la mnyamata amene analoza mtengo umene mbalameyo inabisalamo.

M'zaka za m'ma 1930 kunabwera munthu wa njira ina, John Winterbottom, amene ankagwira nchito ya zamaphunziro m'boma la Northern Rhodesia, ndipo zina mwa mbalame zimene analemba anazionera kum'mawa kuno. Iye ankakonda kuwerenga mbalame zamoyo: zilipo zingati, zimayenda ndi ziti, zimaoneka mwezi uti. Analemba za magulu a mbalame zosiyanasiyana zimene zimadyera pamodzi m'nkhalango za miombo. Mu 1960 anakhala mkulu woyamba wa Percy FitzPatrick Institute, malo ofufuzira za mbalame pa yunivesite ya Cape Town. Dzina la malowa mulisunge, tikumana nalo kutsogoloku.

Khutu la a Makawa

Munthu amene dzina lake limamveka kwambiri pa mbiri ya mbalame za Zambia ndi Malawi ndi Constantine Benson. Anafika ku Nyasaland mu 1932 ngati bwana wa boma, ndipo mu 1952 anasamukira ku Northern Rhodesia, ku dipatimenti yoona za nyama ndi nsomba. Mu 1957 iye ndi Charles White anatulutsa mndandanda wa mbalame za dziko lino. Mu 1971 linatuluka buku lakuti The Birds of Zambia, lolembedwa ndi Benson, Brooke, Dowsett ndi Irwin. Kwa zaka zambiri, munthu akaona kabawi wokayikitsa, ankatsegula buku limeneli kuti aone ngati anaonekapo kale m'dera lake.

Pa chikuto cha mabukuwa simudzapezapo dzina la a Jali Makawa. Iwo anali Mlomwe, obadwira ku Mozambique n'kukulira ku Nyasaland. Anayamba ngati wanchito wa pakhomo pa Benson, koma posachedwa zinadziwika kuti maso ndi makutu awo si wamba. Ankazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ankatha kuyerekezera kulirako mpaka mbalame n'kuyandikira, ndipo ankakumbukira mawu a mbalame imene anaimva zaka zapitazo kudziko lina. Anayenda ndi Benson kwa zaka makumi angapo, kuphatikizapo kuno ku Zambia ndi ulendo wa ku zilumba za Comoros mu 1958. Mu 1945 Benson anatchula mtundu wina wa mbalame ya m'nkhalango za m'mapiri dzina lakuti makawa, ndipo dzinalo likadali m'mabuku a sayansi. Katswiri wa mbiri yakale Nancy Jacobs anafotokoza moyo wawo m'buku lake la mu 2016, Birders of Africa.

Nkhani ya a Makawa ndi yofunika kwa ife. Pali maganizo akuti kuyang'ana mbalame ndi masewera a Azungu opuma nchito ndi alendo a ku Mfuwe. Mbiri ikukana. Mabuku amene akatswiri amadalira anamangidwa pa maso ndi makutu a anthu olankhula chinenero chathu chomwechi. Cholembera chokha ndicho chinali m'manja mwa wina.

Dziko nalo linali kusintha

Pamene anthuwa ankalemba, nthaka ndi mitengo ya kuno sizinakhale chimodzimodzi. Kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu ozungulira Fort Jameson, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1910 Azungu anatsegula mafamu a fodya. Mu 1928 boma linakhazikitsa malo apadera a anthu akuda, ndipo Angoni, Achewa ndi Ansenga ambiri anakankhidwira kumeneko. M'malo opanikizanawo mitengo inatha ndipo nthaka inakokoloka. Malo amene anthu anachotsedwamo, ambiri anangokhala opanda wolima, n'kubwerera kukhala tchire. Katswiri wina wa mbiri, Leroy Vail, analemba mu 1977 kuti tchire limeneli linabweza nyama zakuthengo, ndipo pambuyo pa nyamazo panabwera kashembe, n'kufalikira m'madera amene kale munali ng'ombe. Mu 1941 boma linagula malo a kampaniyo kuti anthu ena abwererepo.

Phunziro lake ndi ili: chamoyo sichisamuka popanda chifukwa, ndipo kawirikawiri chifukwacho ndi zochita za anthu. Fodya wowotcha amafuna nkhuni zambiri, choncho pa mafamu panabzalidwa bulugamu, mtengo wochokera ku Australia. Mamishoni, masukulu ndi maofesi a boma anabzalanso mitengo yaitali yachilendo. Tauni itakula, n'kusintha dzina kukhala Chipata ufulu utabwera, kunachuluka mango, nkhunda zoweta, nkhuku ndi makoswe. Uku m'mapiri ozungulira tauni miombo ikupita m'matumba a malasha. Kwa mbalame yolusa, zonsezi ndi nkhani ya zinthu ziwiri: pomanga chisa ndi chakudya. Ina imapeza mwayi, ina imataya mudzi.

Mapu a mabokosi

Mu 1969 kunakhazikitsidwa bungwe la Zambian Ornithological Society, limene lero limatchedwa BirdWatch Zambia. Mamembala ake ankatumiza zimene aona, ndipo zinkasindikizidwa m'kalata ya bungwelo. Kenaka anayamba nchito yaikulu yopanga mapu a mbalame iliyonse. Anagawa dziko lonse m'mabokosi pafupifupi 300, lililonse la makilomita pafupifupi 55 m'litali ndi m'lifupi. Mbalame ikaoneka m'bokosi, ankaikamo chizindikiro. Mmodzi mwa amene anaigwira kwambiri nchitoyi, Dylan Aspinwall, anamwalira mu 1995 isanathe. Bukulo linatuluka mu 2008, lolembedwa ndi Robert Dowsett, Aspinwall ndi Françoise Dowsett-Lemaire, ndipo lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 750.

Ubwino wolemba motere umaoneka pa kambalame kamene tonse timakaona pa msika ndi pa siteshoni ya mabasi, kampheta ka m'tauni kamene Angelezi amati house sparrow. Mwana wa lero angaganize kuti kanalengedwera pompano. Ayi ndithu. Kanabwera ndi anthu ku South Africa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, n'kumakwera pang'onopang'ono kumpoto, ndipo kanalowa m'Zambia ndi m'Malawi m'zaka za m'ma 1960. Tikudziwa zimenezi chifukwa panali anthu amene analemba mbalame za m'matauni kasanafike, ndi ena amene analemba tsiku limene anakaona koyamba.

Koma mapu a mabokosi ali ndi msampha. Bokosi lopanda chizindikiro lingatanthauze kuti mbalameyo kulibe, lingatanthauzenso kuti kunalibe munthu woiyang'ana. Olemba ambiri ankakhala m'matauni a m'mbali mwa njanji, kapena ankapita kumalo a alendo monga South Luangwa. Mapu a mbalame, mukawayang'anitsitsa, ndi mapu a kumene kunali anthu a magalasi oonera patali ndi galimoto. Ndiponso bokosi la makilomita 55 ndi lalikulu. Limameza phiri, dambo, famu ndi komboni pamodzi, moti mbalame ingachoke m'tchire n'kulowa m'tauni mapu osaonetsa kusintha kulikonse.

Alendo si amodzi

N'chifukwa chake wodziwa mbalame akamva kuti kwaoneka kabawi wachilendo, sathamangira kunena kuti mtunduwo ukufalikira. Amayamba wafunsa kuti mlendoyo ndi wa mtundu wanji.

Pali mlendo wa chaka ndi chaka. Kabawi wofiirira wa mlomo wachikasu ndi mchira wa mphanda, amene amazungulira pamwamba pa misika, amafika cha mu August n'kuchoka mvula ikamatha, kubwerera cha kumpoto, mu Africa momwemuno. Wina wochokera kutali kwambiri ndi Amur falcon, kambalame kolemera pafupifupi magalamu 150. Kamaswana kum'mawa kwa Russia ndi kumpoto kwa China, kamadutsa ku India, n'kuwoloka nyanja osatera mpaka ku Somalia, kenaka n'kutsikira kum'mwera kudzera m'Malawi ndi m'Zambia nthawi ya mvula, inswa zikamatuluka. Mu 2012 zinadziwika kuti ku Nagaland, kumpoto chakum'mawa kwa India, mbalamezi zinkakodwa mu ukonde zikwizikwi n'kumagulitsidwa ngati ndiwo. Chaka chotsatira midzi ya kumeneko inasiya, ndipo mbalame zitatu, Naga, Pangti ndi Wokha, zinavekedwa timakina ta setilaiti kuti ulendo wawo uoneke. Gulu la mbalamezi likatera pa mawaya mu December, si kuti zasamukira kuno. Zili pa ulendo.

Pali wina amene si mlendo konse, koma ndife sitimuona. Chitsanzo ndi kabawi wodya mileme, bat hawk. Ndi wakuda, wa maso aakulu achikasu ndi kukamwa kotakasuka. Tsiku lonse amakhala chete mu mtengo wa masamba ambiri. Amatuluka dzuwa litangolowa, kwa mphindi zochepa chabe, kugwira mileme yaing'ono ikamatuluka m'mapanga ndi m'madenga, n'kuimeza yathunthu ali m'mwamba momwemo. Amadziwika m'chigwa cha Luangwa. Nthawi imene iye amasaka, ambiri a ife timakhala tikuthamangira kunyumba, maso ali pa msewu. Munthu woyamba kukhala panja nthawi ya chisisira n'kumuona anganene kuti wapeza mbalame yatsopano, pamene chatsopano ndi iye woyang'anayo.

Ndiye pali wosamuka weniweni, amene wabwera kudzamanga.

Zimene zinachitika ku Cape Town

Nkhani yolembedwa bwino kwambiri ya kabawi wosamuka m'chigawo chino cha Africa ndi ya black sparrowhawk. Uyu ndi wamkulu, wakuda kumsana, woyera pachifuwa, wa miyendo yachikasu, mapiko aafupi obulungira ndi mchira wautali. Wamkazi ndiye wamkulu kuposa wamwamuna. Wamng'ono amakhala wofiirira, wa mizeremizere, ndipo anthu ambiri amamuyesa mtundu wina. Chakudya chake chachikulu ndi njiwa ndi nkhunda, koma nkhuku sazikana. Amafuna mitengo yaitali yomangamo chisa. M'Zambia analembedwa kalekale, m'nkhalango zowirira ndi m'mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, ndipo ndi wamanyazi, saoneka kawirikawiri.

Ku South Africa kwawo kunali kum'mawa kwa dzikolo, kumene kuli nkhalango. Dera la Cape Town linalibe mitengo yaitali yokwanira, mpaka anthu atabzala paini ndi bulugamu, njiwa n'kuchuluka m'minda ndi m'tauni. Kabawiyu anatsatira mitengoyo, ndipo chisa chake choyamba pafupi ndi mzindawo chinalembedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kuyambira cha mu 2001, anthu odzipereka, motsogozedwa ndi mayi Ann Koeslag, anayamba kuyendera zisa chaka chilichonse ndi kuveka ana a mbalamezi mphete zamitundumitundu ku miyendo. Ofufuza a ku FitzPatrick Institute, komwe kuja Winterbottom anali mkulu woyamba, anagwiritsa nchito zolembazo.

Anapeza zambiri. Mabanja a mbalamezi anafika pafupifupi 50. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, nthawi imene mbalamezi zimaswana kwawo kwakale, choncho zambiri zinayamba kuikira mazira msanga, ndipo zoikira msanga zinkalera bwino ana. Anapezanso kuti kumeneko akabawi atatu mwa anayi alionse ndi akuda pafupifupi thupi lonse, pamene kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo ambiri ndi oyera pachifuwa. Anaonanso atsekwe akulanda zisa zawo. Zonsezi zinatheka chifukwa cha zinthu ziwiri. Panali zolemba zakale zoonetsa kuti mbalameyi kunalibe, kuphatikizapo kalembera wa mbalame za kum'mwera kwa Africa wa 1987 mpaka 1991. Panalinso anthu wamba amene ankabwerera pa mtengo womwewo chaka ndi chaka osatopa.

Tsopano yang'anani Chipata. Mitengo yaitali yachilendo ilipo, njiwa ndi nkhunda zilipo, nkhuku zili pakhomo lililonse, ndipo tchire la m'mapiri likuchepa. Zimene zinakopa kabawi uyu ku Cape Town zilipo pakhomo pathu. Ngati adzamanga pakati pa tauni, kapena wina wa mtundu wake adzatero, amene adzathe kutchula chaka chake ndi yekhayo amene akulemba panopa.

Amene akuchoka mwakachetechete

Kufika kwa mbalame kumapanga phokoso. Kuchoka kwake sikumveka. Palibe amene amajambula chithunzi cha chiwombankhanga chimene sanachione. Mu January 2024 ofufuza motsogozedwa ndi Phil Shaw ndi Darcy Ogada anatulutsa zotsatira za kuwerenga mbalame zolusa m'misewu ya m'maiko monga Kenya, Botswana, Cameroon, Mali, Niger ndi Burkina Faso, poyerekeza zaka zakale ndi zaposachedwa. Mwa mitundu 42 imene anaifufuza, 37 inali itachepa. Zazikulu ndi zimene zinachepa kwambiri, makamaka kunja kwa malo otetezedwa. Zifukwa zake si zachilendo kwa ife: tchire kusanduka minda, poizoni woikidwa pa nyama yakufa, mawaya a magetsi, misampha, ndi malonda a ziwalo za mbalame. Mu 2015 mitundu ingapo ya miimba ya mu Africa inaikidwa pa gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Mu 2020 chiwombankhanga chachikulu chija, martial eagle, ndi china cha mchira waufupi ndi nkhope yofiira, bateleur, zinaikidwa pa gulu la zimene zili pangozi.

Zambia sinali pa mndandanda wa maiko amene anawerengedwa m'misewu. Kafukufuku wotere amafuna munthu amene anayenda msewu womwewo zaka 30 kapena 40 zapitazo n'kulemba chilichonse. Ngati lero palibe wowerenga mbalame pa msewu wa Chadiza, wa Lundazi kapena wa Mwami, ndiye kuti mu 2060 adzukulu athu adzangonena mawu a agogo aja, akuti kale zinali zambiri, popanda chowaikira kumbuyo. Ndipo si nkhani ya kukongola chabe. Kabawi wa pa mawaya uja ndi akadzidzi amadya mbewa ndi makoswe amene akanadya chimanga. Miimba imatsuka nyama yakufa isanawole. Amene amapha chilichonse cha zikhadabo chifukwa cha mwanapiye mmodzi, nthawi zambiri amapha mlonda wa nkhokwe yake, wakubayo atapita kale.

Cholembera chili m'thumba mwanu

Chimene a Makawa analibe, inu muli nacho. Foni imajambula chithunzi, imasunga mawu, imadziwa tsiku ndi malo. Kuyambira 2002 pali eBird, ya ku yunivesite ya Cornell ku America, imene aliyense angatumizeko mndandanda wa mbalame kwaulere. Palinso BirdLasser, imene imagwirizana ndi kalembera wachiwiri wa mbalame za kum'mwera kwa Africa amene anayamba mu 2007. Mabokosi ake ndi aang'ono, a makilomita pafupifupi 9, moti bokosi limodzi lakale lija limagawika 36. Lamulo lake ndi losavuta: muyang'ane kwa maola osachepera awiri m'bokosi limodzi, mulembe mtundu uliwonse umene mwauzindikira, ndipo mndandanda umodzi usapitirire masiku asanu.

Mawu akuti uliwonse ndiwo mutu. Chithunzi chimodzi cha kabawi wosowa chimasangalatsa pa WhatsApp, koma chimene chimamanga mbiri ndi mndandanda wathunthu, wokhala ndi khwangwala, njiwa ndi mpheta, wolembedwa pamalo amodzimodzi mobwerezabwereza. Mndandanda wa lero umene mulibe black sparrowhawk ndi umene udzachitire umboni tsiku limene iye adzafike. Sankhani malo amodzi amene mumafikako kale, kaya ndi ku damu la Lutembwe, pa bwalo la sukulu, kapena njira yopita ku munda. Mukakayika, musalembe dzina longoganizira. Jambulani, mulembe kukula kwake poyerekeza ndi khwangwala, mtundu wa maso ndi miyendo, kaulukidwe kake, ndipo mufunse odziwa, monga a BirdWatch Zambia. Mukapeza chisa, musalengeze malo ake pagulu, chifukwa si onse ali pagulupo amene alibe legeni.

Pali nchito ina imene mlendo aliyense wochokera kunja sangaigwire bwino kuposa inu. Mukapita kumudzi, onetsani agogo zithunzi za mbalamezi, muwafunse dzina lake, nthawi imene imabwera, ndi kumene ankaiona ali ana. Jambulani mawu awo, mulembe mudzi ndi tsiku. Pamenepo nzeru ya pakamwa yapeza chimene inkasowa. Ndipo amene akufunsa kuti zimenezi zimadyetsa bwanji, akafunse anyamata ndi atsikana otsogolera alendo ku Mfuwe, amene amalemba mayeso a nchito yawo ndipo mbalame ndi gawo la zimene ayenera kudziwa.

Poyambira pasakhale patali. August akamayandikira, yang'anani kumwamba pa msika. Tsiku limene mudzaone koyamba kabawi wa mchira wa mphanda chaka chino, lembani tsikulo, malo ake, ndi kuchuluka kwawo. Chaka chamawa mudzalembenso, ndipo pansi pake muziika dzina lanu.